Wofuna Kukakhalitsa ku Joni Ayambe ndi Cholembera

Kuyambira m'masiku a makolo athu, pamene anyamata ankatengedwa ndi Wenela kukakumba golide m'migodi ya ku Joni, kufikira lero lino pamene mabasi amanyamuka ku Blantyre ndi ku Lilongwe atadzaza ophunzira, amisiri ndi amayi otsata amuna awo, njira ya kummwera sinamerepo udzu. Chimene chasintha n'chakuti kale kampani ndiyo inkasamala za mapepala, pamene lero mtolo wonsewo uli pamutu pa mwini ulendo, ndipo palibe womutula.

Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma masiku amenewa ndi a mlendo wodzacheza, ndipo mlendo ndi mame. Iye amene mtima wake uli pa sukulu, pa ntchito, kapena pa kukakhala ndi mbale wake kwa miyezi ndi zaka, ayenera kupempha viza yokhalitsa, imene anthu amangoti pemiti. Tsono apa ndi pamene ambiri amaphunthwa, poganiza kuti akayamba alowa ngati alendo, za mapepala nakaziona ali komweko. Pakuti chiyambire malamulo a pa 26 May 2014, munthu wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha viza yake ali m'dzikomo, koma abwerere kwawo, akapemphe ku ofesi ya kazembe. Amene khoti lalikulu la kumeneko linawachitira chifundo mu 2019 ndi mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika ya dzikolo kapena wa munthu wololedwa kukhalamo mpaka kalekale. Kwa ife a ku Malawi khomo lake ndi ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo ngakhale inu amene mukuwerenga mawu awa muli kale ku Mayfair kapena ku Durban, masiku anu akali m'manja, nzeru ndiyo kukwera basi asanathe.

Fomu yake ndi DHA-1738, ndipo imalembedwa ndi inki yakuda, m'zilembo zazikulu. Musanaigwire n'komwe, khalani pansi mudziwe chimene mukupempha, chifukwa tsamba loyamba lifuna kuti musankhe mtundu umodzi wa viza, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Viza ya maphunziro ili ndi zofuna zake. Ya ntchito, imene siposa zaka zisanu, ili ndi zake. Ya wachibale, imene siposa zaka ziwiri, imafuna kuti wokuitananiyo aonetse kuti ali ndi R8,500 pa mwezi yokusamalirani, ndipo siilola mwini wake kugwira ntchito. Wosankha ya wachibale mumtima ali ndi maganizo a ganyu wadzitchera yekha msampha.

Pa mayina ndi pamene ndifuna kuchedwapo pang'ono, popeza ife Amalawi tili ndi chizolowezi chimene kumudzi sichivuta, koma pamaso pa mlembi wa boma lachilendo chimasanduka mlandu. Munthu mmodzi yemweyo pa satifiketi ya MSCE analembetsa dzina la bambo ake, pa chitupa cha unzika anaika la mfunda, pa kalata ya ubatizo pali dzina lachikhristu, ndipo pa pasipoti kalembedwe kake kasiyana ndi chilembo chimodzi, pena L pena R. Kwathu tonse timadziwa kuti ndi yemweyo. Koma iye amene adzawerenga fomu yanu sanakuonenipo, sadziwa amalume anu kapena mfumu ya kwanu, ndipo chimene ali nacho ndi mapepala okha. Chifukwa chake tsegulani pasipoti, muiike pambali pa fomuyo, ndipo mukopere dzina, tsiku lobadwa, malo obadwira ndi nambala monga momwe zalembedwera mmenemo, ngakhale mukudziwa kuti a Immigration analemba mosiyana ndi mmene amayi anu amakuitanirani. Mayina akale ali ndi mzere wake, ndipo amayi okwatiwa alembepo dzina la kwa makolo awo. Ngati masatifiketi asiyana ndi pasipoti, pitani kwa loya kapena kwa majisitireti mukalumbire kalata yonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, muiphatikize.

Kumapeto kwa fomu kuli mafunso amene amautsa mantha: ngati munapezekapo olakwa pa mlandu, ngati munakanizidwapo kulowa, ngati munathamangitsidwapo m'dzikomo. Indetu ndinena kwa inu, abale anga, yankhani zoona. Amene anagonapo ku Lindela, malo osungirako oyembekeza kubwezedwa kwawo, kufupi ndi Krugersdorp, nabwezedwa kuno, zala zake zinatsala m'makina a Home Affairs, ndipo pasipoti yatsopano siisintha zala. Bodza la pa fomu ndi mlandu pa lokha. Madobadoba amene amazungulira pa makomo a maofesi, nalonjeza kuti akudziwa munthu m'katimo, apatseni moni ndi kupitirira, pakuti siginecha ya pansi pa fomuyo ndi yanu, ndipo wodzayankha ndinu.

Fomu siiyenda yokha. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndipo ikhalebe ndi moyo masiku 30 kupitirira tsiku limene viza idzathere. Kalata ya apolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu, imene imayamba ndi kudinda zala ndipo imatuluka ku likulu lawo ku Area 30, isapitirire miyezi isanu ndi umodzi. Chimodzimodzinso kalata ya dokotala. Amene anakhalapo chaka chathunthu m'dziko lina pa zaka zisanu zapitazi afunika kalata ya apolisi a kumenekonso. Wophunzira aonetse kalata ya sukulu imene yamulandira, pamodzi ndi inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa ku South Africa komweko, chifukwa ya kuno sailandira. Wofuna ntchito atumize masatifiketi ake ku bungwe la SAQA kuti akawayeze, ndipo popeza ichi chimatenga nthawi, chiyambe ndicho, kalata za apolisi ndi za dokotala zibwere pambuyo, kuopa kuti zingakalambe mukudikira. Mwana wamng'ono afunika satifiketi ya kubadwa ndi chilolezo cholembedwa cha kholo lotsala.

Mapepalawo mukapereke nokha, mutasunga mafotokope a tsamba lililonse. Ndalama yolipira siibwezedwa ngakhale akukaneni, ndipo wokanidwa ali ndi masiku khumi a ntchito oti achite apilo. Musagule tikiti kapena kutsanzika kuntchito yankho lisanatuluke. Fulumira adadya gaga.

Viza ikamatidwa m'pasipoti, iwerengeni muli pomwepo, muone dzina, masiku, ndi dzina la sukulu kapena la kampani, popeza imakumangani ku malo olembedwawo. Ulendo wa pa basi ndi wa masiku awiri kapena kuposerapo, malinga ndi mizere ya m'zipata. Wochokera ku Blantyre amatulukira pa Mwanza nalowa pa Zóbuè; wa ku Lilongwe angathe kutulukira pa Dedza; onse amaoloka Zambezi pa Tete, nadzera pa Nyamapanda kulowa m'Zimbabwe, kupyola Harare ndi Masvingo, mpaka pa Beitbridge, pamene tsidya la Limpopo pali Musina ndi msewu waukulu wa ku Polokwane, Pretoria ndi Johannesburg. Zipata zitatu zimenezi zimadya zidindo zisanu ndi chimodzi pa ulendo umodzi, choncho wa pasipoti yotsala pang'ono kudzaza aganizirepo. Mapepala onse aja akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa m'ngolo, ndipo pa Beitbridge mutsegulire nokha tsamba la viza, kuti mlonda wa chipata asakudindireni masiku a mlendo.

Pofuna kuwonjezera nthawi muli komweko, pempho limaperekedwa kudzera ku kampani ya VFS Global kutatsala masiku 60 kuti viza ithe. Wopitiriza masiku ake ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa pamenepo amaletsedwa kwa zaka zisanu.