Jakisoni woti ng'ombe zitenge bere?

Funso: Ndili ndi ng'ombe zazikazi 14 zamtundu wa Zebu, koma chaka chatha zinabereka zinayi zokha. Nkhunzi ndimabwereka kwa mnansi. Ziwiri zinapoloza bere litakula, koma izo n'zachilengedwe. Kodi ndi jakisoni uti amene ndingagule kuti zizitenga bere msanga? Mlimi, Ngabu, Chikwawa.

Yankho: Bambo, funso la jakisoni limandipeza pamsonkhano uliwonse wa alimi, ndipo yankho silisintha: ng'ombe yoonetsa nthiti mu Okutobala siyifuna nkhunzi, kaya muibaye kangati. Sungani mapesi ndi masangwi a mtedza, onjezerani madeya ndi mchere. Za njala zathera pomwepo.

Chimene chandiimitsa ndi ziwiri zomwe mwazidumpha zija. Zachilengedwe? Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi. Ikataya pa mwezi wachisanu ndi chiwiri, makamaka thumba la mwana likakanirira m'mimba osatuluka, ife timayamba kukayikira matenda a brucellosis. Tizilombo take timadzaza m'thole lakufalo, m'thumba ndi m'madzi otuluka nalo. Zinzake zimanunkhiza ndi kunyambita pamalopo, kenaka khola lonse lalowa. Palibe mankhwala odalirika ochiza ng'ombe yogwidwa, ndipo ina imadzabereka bwinobwino chaka chotsatira koma ikufalitsabe.

Matendawa amagwiranso anthu. Ngati kwanuko mumamwa mkaka wosawiritsa kapena chambiko cha mkaka wotero, lekani lero. Munthu amamva kutentha thupi kobwerabwera, thukuta usiku ndi kuphwanya kwa mafupa, n'kumamwa mankhwala a malungo osachira. Wina akatero, muuzeni dokotala za ng'ombe zopolozazo.

Tsiku lina ndinafika pakhomo pena m'mawa ndi kupeza mnyamata wabusa akukoka thole lopolozedwa ndi manja, magazi mpaka m'zigongono, kukaponyera agalu. Agaluwo anakokera nyamayo kumadzi komwe ng'ombe za mudzi wonse zimamwera. Mwini khola anali pampando, akundiwerengera ng'ombe zake monyadira. Kunena zoona, chizolowezi chowerenga mitu osawerenga mathole chimandikwiyitsa. Thole lotere likwirireni mozama kapena litentheni, manja mutavala pulasitiki, ndipo mayi wake mumupatule.

Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu akatenge magazi a ziwirizo pamodzi ndi a nkhunzi, akayezedwe. Pakadali pano musagulitse ziwirizo kwa mlimi mnzanu.

Nkhunzi yobwereka ndiyo vuto lina. Yaikazi imafuna yamphongo pafupifupi masiku 21 alionse, kwa maola ochepa chabe, ndipo Zebu nthawi zambiri imaonetsa zizindikiro zake usiku. Pamene mwaona ikukwera zinzake n'kuthamangira kwa mnansi, mwina nthawi yapita kale. Nkhunzi imodzi yathanzi ikwana zazikazi 25, choncho gulitsani mifule iwiri mugule yanu, yochokera kukhola lopanda chibale ndi lanu, yoyezedwa magazi isanalowe.