Maungu a m'khola la amalume

Kuseri kwa nyumba ya amalume anga, kumudzi kwathu pakati pa Katete ndi Sinda, kuli khola lopanda ng'ombe. Nsichi zake zina chiswe chinadya kale. M'katimo mwamera maungu onenepa, chifukwa ndowe za zaka zija zidakali m'nthaka. Odutsa amayamikira maunguwo, koma amalume sayankha.

Iwo anayamba ubusa ali ndi zaka 10. Kwathu kuno mnyamata amaweta ng'ombe za mwini zaka zitatu kapena zinayi, padzuwa ndi pamvula, ndipo pomaliza amapatsidwa thadzi limodzi la ng'ombe. Amalume sukulu anailekera giredi 3. Komabe ankadziwa chimene ankafuna pamoyo wawo, ndipo ankachitchula ngati pemphero: ng'ombe ziwiri zapagoli, pulawo, ngolo, nyumba ya malata, ndi kuti mwana wawo asadzawete ng'ombe za munthu wina. Thadzi lija linaswa, ana ake naswanso. Pofika 2010 m'khola munali ng'ombe zisanu ndi imodzi, pulawo inalipo, kunatsala ngolo ndi malata.

Mu 2011 thonje linakwera mtengo, kilo imodzi kufika pafupifupi K3,200 ya ndalama zakale zija. Mnzawo wina anagula njinga yamoto ndi ndalama za thonje, n'kumadutsa pakhomo pathu akuliza hutala ngakhale panjira palibe munthu. Amalume tulo tinawathawa. Ngolo anaiiwala, pakamwa pawo panangokhala njinga yamoto. Anagulitsa ng'ombe zinayi kuti alipire aganyu, anabwereka munda wina, natenga mbewu ndi mankhwala pangongole kukampani. Agogo anawachenjeza kuti, "Mwananga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada." Iwo anaseka, amvekere zimenezo n'zachikale.

Chaka chimenecho aliyense anathamangira thonje. Ndimakumbukira tikulipondereza m'mabelo ndi mapazi, manja atabayidwabayidwa ndi makoko ake. Tsiku la msika mu 2012, mtengo unatsika kufika K1,600. Kalaliki wa kampani anayeza pasikelo, nachotsa ngongole ya mbewu ndi mankhwala, ndipo zotsala amalume anazipinda n'kuziika m'thumba la shati osaziwerenganso. Anabwerera kunyumba wapansi.

Pamenepo akanatha kuyambiranso. Ng'ombe ziwiri zinalipo, imodzi yaikazi. Koma patapita zaka zingapo kunamveka mbiri ya golide ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Anagulitsa yaikaziyo kuti apeze ya ulendo, ya zakudya, ya piki ndi fosholo. Anakhala kumeneko miyezi isanu, akukumba dothi ndi kulisungula m'beseni, madzi akufika m'mawondo. Golide amene anapeza ankatha pogula ufa ndi kapenta komweko. Anabwera ndi chifuwa chimene chinawagoneka m'chipatala cha St Francis ku Katete, munda wawo utamera tchire chifukwa nthawi yososa inawapitirira ali kumigodi.

Kenako kunabwera soya. Mu 2022 amene analima anapeza bwino, ndiye amalume anagulitsa ng'ombe yomaliza n'kudzaza munda wonse soya, chimanga kungochisiyira kachigawo. Mu 2023 mtengo unagwa, ogula akungotchula okha mtengo pasikelo. Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chisanamasule, mpaka pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Anansi amene anali ndi ziweto ankagulitsa imodzi n'kugula matumba a chimanga. Amalume analibe choti agulitse.

Nditapita kukawaona chaka chimenecho ndinafunsa za mwana wawo wamwamuna wa zaka 11. Anayang'ana pansi.

"Ali kubusa, mphwanga. Ndamupereka kwa mkulu wina kutsidya. Zaka zinayi, adzatenga thadzi."

"Koma amalume, sukulu ndi yaulere kuyambira 2022. Mwamuchotseranji?"

"Kumeneko akudya kawiri patsiku. Kuno ndimudyetsa chiyani?"

Ndinasowa chonena. Pa zinthu zisanu zimene ankatchula ali mnyamata, chimene chinali chachikulu koposa ndi chomwe chinali chitangotayika.

Amalume si aulesi, ndipo si chidakwa. Khasu amaligwira kuposa amuna ambiri m'mudzimo. Mtengo wa thonje sanaugwetse ndiwo, mvulanso sanaimange ndiwo. Mavuto amenewa anagwera tonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ena analima thonje pakachigawo, soya pakachigawo, khola osalikhudza, pamene iwo nthawi iliyonse ankatenga loto la mnzawo n'kulipira ndi lawo. Njinga yamoto sinali m'pemphero lawo lija. Golide sanalimo. Ankangomva kumene kukulira ng'oma n'kuthamangira komweko, atanyamula ng'ombe kumanja.

Inu amene mukuyamba moyo, kaya muli ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, mbiri zotere zidzakupezani. Lero ndi soya, mawa ndi golide, mkuja ndi basi ya ku Lusaka kapena ku Joni. Kuyesa mwayi sikulakwa. Koma musanayese, khalani pansi mudziwe zinthu ziwiri: chimene mukufuna mutakhala nacho mukadzakalamba, ndi chimene simudzagulitsa ngakhale mtengo ukome chotani. Muuzeko munthu amene sachita nanu manyazi, mkazi wanu, mlongo wanu kapena agogo, kuti tsiku limene mutu udzatenthe adzakukumbutseni mawu anu omwe. Mukafuna kuyesa chatsopano, yesani ndi nkhuku kapena mbuzi. Thadzi lisiyeni m'khola.

Tsiku lobwerera, azakhali anandithyolera maungu awiri a m'khola muja kuti ndinyamule. Amalume anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu. Tili m'njira tinakumana ndi gulu la ng'ombe likupita kudambo, kumbuyo kwake kamnyamata kovala shati ya yunifomu yong'ambika, kakuliza chikwapu. Kanatipatsa moni kakuthamanga, chifukwa ng'ombe za mwini zinali zitalunjika m'dimba la munthu.