Kwa mayi a ku Bangwe, pa za ulendo wa ku dialysis

Kalata yanu yatipeza kuno ku Chichiri. Mukufunsa ngati bambo angamatsukidwe magazi ali kunyumba. M'maiko ena zimatheka, galimoto n'kumawatulira madzi a mankhwala pakhomo. Kwathu kuno odwala impso ambiri amadalira makina a ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, ndiye nkhani yagona pa mayendedwe.

Munthu akakhala pamakina maola pafupifupi 4 amatuluka atafooka, nthawi zina BP itatsika, akumva chizungulire. Chonde mayi, tsiku limenelo asakwere kabaza. Pezani dalaivala mmodzi wodalirika, wosalawa mowa, adziwe masiku awo. Mkono wa fistula, womwe amaubaya polumikiza makina, asanyamulire katundu, asaupanikize m'minibasi ya ku Limbe. Pobayidwa paja pakamatuluka magazi osaleka, dinikizani ndi nsalu yoyera, mubwerere kuchipatala msangamsanga.