Kodi mtedza umawenga bwanji mwana?

Tili m'kalasi la Bayoloje, mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza dzanja. "Aphunzitsi, mwana wa achemwali anga akangodya dzira amatuluka ziwengo thupi lonse. Ndiye kunyumba akuti asalawenso mtedza mpaka atakula. Akulondola?"

Ndinamuuza kuti madokotala a ku Britain ndi ku America ankalangiza zomwezo kwa zaka zambiri, koma kenako anasintha.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. Chitetezo cha m'thupi chili ngati mlonda wa pageti: chimayenera kudziwa wakuba ndi mlendo wabwino. Mwa munthu amene mtedza umamuwenga, mlondayu amalakwitsa. Thupi limapanga ma antibody otchedwa IgE olimbana ndi mapuloteni a mu mtedza. Munthuyo akadyanso mtedza, maselo otchedwa mast cells amatulutsa histamine, ndipo apa m'pamene khungu limayabwa, milomo imatupa, mwinanso kupuma kumene kumavuta. Mtedzawo ulibe mlandu ayi.

Nanga mlondayu amaphunzira liti? Ali khanda. Mu 2008, ofufuza anayerekeza ana achiyuda a ku Britain ndi a ku Israel. Vuto la mtedza linali lochuluka pafupifupi kakhumi ku Britain. Kusiyana kwake? Makanda a ku Israel amadya kachakudya ka mtedza kotchedwa Bamba asanakwanitse n'chaka chomwe, pamene anzawo a ku Britain ankawamana.

Gulu la Pulofesa Gideon Lack ku London linafuna umboni weniweni. Linatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11 omwe anali kale ndi vuto lalikulu la khungu kapena owengedwa ndi mazira. Theka ankadya zamtedza sabata iliyonse, theka ayi. Zotsatira zinatuluka mu 2015: pofika zaka 5, pafupifupi ana 17 pa 100 alionse omanidwa aja mtedza unkawawenga, koma mwa odya aja anali atatu okha pa 100.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kufotokoza kwake. Asayansi ambiri akuganiza kuti njira imene chakudya chalowera ndi imene imaphunzitsa thupi. Chikadzera m'kamwa n'kufika m'matumbo, chitetezo chimachizolowera kuti n'chakudya. Koma tizidutswa take tikalowera pakhungu long'aluka la khanda, chitetezo chimati mdani walowera pazenera. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira phala lotendera nsinjiro limene amayi ankaphikira ang'ono anga. Mast cell sankaidziwa, komatu ankachita zomwe ofufuza anadzatsimikiza.

Musathamange nazo, komabe. Miyezi 6 yoyamba mwana aziyamwa bere lokha, monga amanenera kusikelo. Akayamba kudya, nsinjiro zikhale zosalala za m'phala. Mtedza wathunthu ukhoza kumutsamwitsa. Mtedza wachuku utayidwe, chifukwa umakhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi.

Tsono mtsikana uja ndinamuyankha kuti mwana wa achemwali akewo ali m'gulu lomwe lija la makanda a ku London, ndipo ofufuzawo ankayamba ayeza kaye khungu la mwana asanamupatse mtedza. Ena sanaloledwe n'komwe kulowa m'kafukufukuyo chifukwa thupi lawo linali litayamba kale kudana nawo. Choncho asayesere okha kunyumba, komanso asangodikira kuti akule. Apite naye kuchipatala mwezi uno, akafotokoze za dzira lija, ndipo akafunse za mtedza.