Phunziro la Phiri la Mulanje

Abale athu a m'midzi, nyengo ya chilimwe yafika, ndipo ena a inu mufuna kukaona phiri la Mulanje. Chotero tiyeni tiyambe taphunzira za phirilo, pakuti munthu wokwera wosadziwa mbiri yake abwerako ndi miyendo yolema, koma mutu wopanda kanthu.

1. Maonekedwe ake. Nsonga yake yoposa zonse ndiyo Sapitwa, ndipo msinkhu wake ndi mamita 3,002. M'dziko lonse la Malawi mulibe ina yofika pamenepo. Makolo anaitcha dzina limeneli popeza anati ndiko kwao kwa mizimu. Woyambira ku Likhubula apeza mathithi a Dziwe la Nkhalamba, naona thanthwe lalikulu la Chambe. Koma asakwere wopanda womtsogolera, chifukwa nkhungu ya chiperoni igwa modzidzimutsa, niphimba njira, ndipo alipo alendo amene anasokera osabweranso.

2. Njira ya akapolo. Cha kumpoto, pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi, pali mpata. Pamenepo padapita anthu omangidwa m'magoli, alikutengedwa kunka kunyanja yamchere kukagulitsidwa. M'chaka cha 1893 boma la Angerezi linamanga linga pampatapo, dzina lake Fort Lister, kuti litseke njirayo. Mabwinja ake alipobe. Tikafika pamenepo tisapitirire msanga; tiime, tiuze ana athu kuti oyenda m'magoliwo anali abale a makolo athu.

3. Mkungudza. Mtengo uwu sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi, koma pa Mulanje pokha. Matabwa ake anunkhira bwino, ndipo chiswe sichiwadya; chifukwa chake anthu anaukhumba, naucheka kosaleka, moto wolusa nutha mbande zake. Mu 1984 unatchedwa mtengo wa fuko lathu, koma owerenga mitengo mu 2017 anapeza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Taonani, tinaupatsa ulemu ndi pakamwa, nkhwangwa ili m'manja!

Kanthu aka katikhudza ife tonse. Mitsinje ya Ruo, Likhubula ndi Thuchila ichokera m'phirimo, ndipo nkhalango ndiyo igwira nthaka ndi kusunga madzi ake. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu ambiri nafa. Phiri losala mitengo liopsa koposa pa mvula yotere.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Alendo adzachuluka, koma osunga phirilo ndife eni dziko. Pitani mukaone, musasiye moto wosazima, musagule thabwa la mkungudza, ndipo pobwera mufotokozere anzanu zimene mwaona.

Mafunso: Dzina la Sapitwa linadza bwanji? Linga la Fort Lister analimangiranji? Nanga mitengo ya pa phiri la kwanu isungidwa ndi yani?