Makalata anu: makina oyeza milatho ndi kuwala

Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina woyendetsa lole ku Chikwawa. Akuti: "Ndinaona anthu ataimika kamakina ka miyendo itatu pafupi ndi mlatho, mutu wake ukungozungulira. Kodi amajambula filimu?"

Ayi bambo, si filimu. Mmene mwafotokozeramu, kayenera kuti kanali kamakina ka laser, ndipo musasokoneze ndi lezala lometera ndevu. Kamaponya kuwala kowonda ngati ulusi. Kuwalako kukagunda chipilala n'kubwerera, kamakinako kamaona nthawi imene kwatenga, ndiye poti kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, mtunda wadziwika basi. Kamatero kambirimbiri mpaka kusonkhanitsa timadontho mamiliyoni. Pa kompyuta mlatho wonse umaoneka ngati woumbidwa ndi mchenga, ndipo pena paliponse mutha kupayeza osaphonya kupitirira mamilimita ochepa, munthu osakwera makwerero.

Mtsikana wina wophunzira za uinjiniya ku Blantyre wafunsa ngati kuyeza kamodzi kungaonetse kuti mlatho wadwala.

Funso ili ndalikonda, mwanangu. Taganiza za khadi la kusikelo. Mwana ukamuyeza kamodzi wangodziwa kulemera kwake tsiku limenelo. Kuti udziwe ngati akukula kapena akunyentchera, uyenera kubweranso mwezi wamawa. Mlatho n'chimodzimodzi. Timayeza chaka chino, kuyezanso chaka chamawa, n'kusanjikiza miyeso iwiriyo. Pamene mtanda wayamba kubwama kapena chipilala kupendekeka, timadontho sitigwirizana.

Koma apa m'pamene ambiri amapunthwa. Chitsulo chimatalika chikatenthedwa. Mlatho wachitsulo wa mamita 100 umawonjezera mamilimita pafupifupi 24 kutentha kukakwera ndi madigiri 20. Ukayeza m'mamawa wa June, n'kudzayezanso masana a October dzuwa lili phwee m'chigwa cha Shire, udzathamangira kulikulu ndi uthenga wabodza. Timayeza nyengo yofanana, ola lofanana, pamlatho popanda malole, kuyambira pazizindikiro zomwezomwezo zokhomedwa panthaka yolimba.

Kalata yachitatu ndi ya mayi wa ku Mulanje, ndipo ndi yowawa. Akuti: "Makina amenewa akanakhalapo, kodi milatho ija ikanapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023?"

Mayi, ndisakunamizeni. Laser imaona khungu lokha. Madzi osefukira amakumba mchenga ndi dothi pansi pa chipilala, ndipo kuwala sikupyola madzi amatope. Kumeneko kumafunika makina oyeza kuya ndi mawu, kapena anthu omira. Laser sionanso mkati mwa konkire. Mlatho wa Morandi mumzinda wa Genoa ku Italy unagwa pa 14 August 2018, n'kupha anthu 43. Nthambo zachitsulo zouchirikiza zinali zokutidwa ndi konkire, dzimbiri likudya mkati mosaoneka. N'chifukwa chake ineyo sindisiya kahamala kanga: konkire yabwino ukaigogoda imalira gwa, yofumbwa mkati imamveka ngati chitini chopanda kanthu.

Pamene laser imatithandiza kwambiri m'pamene madzi aphwera. Mlatho umene watsala chiimire, ngati muyeso wake wakale ulipo, tikauyezanso timaona msanga ngati chipilala chatitimira, tisanalole basi yodzaza anthu kuwolokapo.