Fyuluta Yakale M'mimba mwa Boti

Boti la matanga limanamiza maso. Ukaliona patali likuthamanga ndi mwera, thanga litayera mbee, sungaganize kuti m'kati mwake muli chinthu chonunkha dizilo. Koma pansi pa masitepe otsikira kuchipinda pamakhala injini, nthawi zambiri ya Yanmar kapena Volvo Penta, yotulutsira boti padoko ndi kulibweza mphepo ikaleka. Injiniyo imafuna oyilo watsopano ikagwira ntchito maola apakati pa 100 ndi 250, malinga ndi buku lake, kapena kamodzi pachaka ngakhale itangokhala. Ntchitoyo ndi yaing'ono, ndipo n'chifukwa chake imapatsidwa kwa anyamata.

Bambo wina wachikulire anali ndi boti lotere kumwera kwa Nyanja ya Malawi, lonyamula alendo kukaona mbuna kuzilumba za Thumbi ndi Domwe. Zingwe ankagwira ndi mphwake, mwana wa mchemwali wake, mnyamata wamphamvu ndi wochangamuka. Tsiku lina mkuluyo anafunika kupita ku boma la Mangochi, pomwe alendo anali atalonjeza kufika masana.

"Mphwanga, oyilo ndi fyuluta zili m'katonimo. Uyambe waliza injini itenthe, ndipo usapupulume."

"Musadandaule amalume, ndakhala ndikukuonererani."

Zoona, anali ataonerera, ndipo gawo loyamba analichita bwino. Pagalimoto makaniko amalowa pansi, n'kumasula bawuti, oyilo n'kutsika yekha. M'boti mulibe polowa, chifukwa injini imakhala pafupi kwambiri ndi pansi pa boti, choncho oyilo amachita kukokedwa ndi kapampu kamanja kudzera pabowo la kachitsulo koyezera. Akakhala wozizira amabwera mokakamiza ndipo zinyalala zake zimatsalira pansi. Akatenthedwa kwa mphindi zingapo amayenda mosavuta, atanyamula mwaye wake wonse. Mnyamata uja analiza injini, anakoka malita ochepa amene injini yotere imasunga, n'kuwatsekera m'chigubu. Mpaka apa sitingamunene.

Zinthu zinayamba kupendekeka pa fyuluta. Pa injini zambiri za m'maboti fyuluta imakhala chogona, ndipo ukangoimasula, oyilo amene ali m'kati amatsetsereka. Odziwa ntchito amayamba azimitsa pampu yotulutsa madzi m'mimba mwa boti, amayala sanza kapena nsalu zoyamwa oyilo pansi, kenako amaveka fyulutayo jumbo yolimba kuti ikamasuka igwere momwemo. Iye anangoipotokola, oyilo n'kutayikira pansi, fyulutayo n'kuiimika pakona poti aitenga akamaliza.

Chachiwiri sanachione n'komwe. Pakamwa pa fyuluta iliyonse pali kalabala kozungulira, ndipo nthawi zina kakale kamakakamira pa injini. Kusisita pamalopo ndi chala n'kokwanira kuti ukamve. Iye anamanga fyuluta yatsopano pamwamba pa kalabala kakale, n'kulimbitsa ndi sipanala, pamene chofunika n'kupaka oyilo pang'ono pa kalabala katsopano, kupota ndi dzanja mpaka kakhudze, n'kuwonjezera kupota kosakwana ulendo umodzi. Kenako munthu umaliza injini, kuunika ndi tochi ngati pakudontha, kuzimitsa, n'kuyezanso. Alendo anali atafika kale pamchenga ndi zikwama zawo, ndipo iye anatseka chitseko cha injini.

Malabala awiri osanjikizana amagwira kwa kanthawi. Injini ikatentha, mphamvu imene imakankha oyilo imasuntha kamodzi, ndipo oyilo yense amatha kutuluka m'mphindi zochepa. Belu lochenjeza linalira ali pakati pa gombe ndi chilumba. Mnyamatayo anataya nthawi akugwedeza mawaya, poganiza kuti lavuta ndi belu, mpaka injini inayamba kugogoda. Mwayi wa boti la matanga ndi womwewu: anakweza thanga, anabwerera, alendo anatsika akuseka osadziwa kanthu. Anaponya nangula pafupi ndi gombe, n'kupita kukagona akuganiza za mmene akafotokozere amalume ake za injini. Za oyilo amene anali m'mimba mwa boti, ndi fyuluta ija imene mafunde anali ataigwetsa, sanaziganizire.

Maboti ambiri amalowa madzi pang'onopang'ono, makamaka pamene chitsulo chozungulitsa pulopela chimatulukira. Ndiye pansi pamakhala pampu yamagetsi yodzidzutsa yokha madzi akakwera. Pampuyo siisankha. Usiku umenewo inadzuka, n'kulavulira m'nyanja zonse zimene inapeza.

M'mawa amayi atatsikira kugombe ndi ndowa ndi mbale, anapeza madzi atavala mitundu ya utawaleza kuchokera paboti mpaka pamchenga. Pagombe la kumudzi m'pomwe potunga, potsukira, posambira ana ndiponso pokokera makoka. Mnyamatayo, ndi manyazi, anachita chimene ambiri amachita: anatenga sopo waufa n'kumwaza pamadzipo. Utawaleza unazimiririka, iye n'kupuma. Komatu sopo sachotsa oyilo, amangomuswa kukhala timadontho tosaoneka, tosakanikirana ndi madzi, totsikira kumchenga ndi kumiyala kumene mbuna zimadya ndere ndi kumene chambo chimakumba zisa zake. Oyilo woyandama ungathe kumutchinga ndi kumuyamwa ndi nsalu. Wothiridwa sopo palibenso angamutole. Ineyo ndimaona kuti pa zolakwa zonse za tsikulo, ichi ndiye chinali choipitsitsa, chifukwa zina zija zinali za kusadziwa, pamene ichi chinali chobisa.

Pali kalankhulidwe kofala m'magombe koti nyanja ndi yaikulu, imatsuka yokha. Kukula n'kukuladi, kuya kwake kumafika mamita 700. Koma mtsinje wotulutsa madzi ake ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka m'nyanjayi pouluka ndi dzuwa. Madzi akauluka, tizitsulo ndi zinthu zina zapoizoni za m'oyilo wakale zimatsala. Oyilo wotuluka mu injini si uja analowa: watola mwaye, tizidutswa ta zitsulo zoperepeseka ndi zotsalira za dizilo wopsa, zina mwa izo zodziwika kuti zimayambitsa khansa ya pakhungu kwa amene amazigwira kawirikawiri. Bungwe loona za chilengedwe la EPA la ku America limati oyilo wa kusintha kamodzi kokha angawononge magaloni 1 miliyoni a madzi abwino. Ndipo dera la Cape Maclear, kumene izi zinachitikira, si malo wamba. Lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linabweretsa bungwe la MEPA, limaletsa kuwononga madzi, kaya wowonongayo ndi fakitale kapena boti limodzi.

Mkulu uja pobwera anapeza a komiti ya pagombe akumudikira pansi pa mtengo. Sanakane, sanakankhire mwana. Anapepesa kwa amfumu ndi kwa amayi, analipira chimene anagamulidwa, kenako anatsikira m'boti, n'kugwada pa injini, n'kutulutsa malabala awiri aja ndi chala chimodzi.

"Nanga fyuluta yakale ili kuti?"

"Ndakaitaya kudzala, amalume."

"Pita ukaitenge."

Mnyamatayo anadabwa kuti munthu amene injini yake yafa akulimbana ndi kachitini. Anakaipeza ili m'manja mwa ana, akufuna kupangira galimoto yawaya, zala zili bii. Fyuluta yooneka ngati yatha imakhala isanathe, chifukwa m'kati muli kavavu koletsa oyilo kubwerera, ndipo pepala losefera limakhala litamwa. Ikatayidwa kudzala imadontha kwa miyezi, mvula n'kumatsitsira zonsezo kunyanja kapena kuchitsime. Chofunika n'kuiboola kumutu kwake ndi msomali isanazizire, kuiimika pamwamba pa chigubu maola osachepera 12, n'kuisunga m'ndowa yotseka mpaka ifike kwa ogula zitsulo zakale, poti thupi lake ndi chitsulo chosungunulika. Sanza zonse zimapita m'jumbo yakeyake, osati pamoto wophikira.

Chigubu cha oyilo wakuda nachonso chinali ndi ochifuna. Wina anapempha kuti akapake mitengo ya khola kuopa chiswe, wina kuti akathire m'chimbudzi, wina kuti akapake mbuzi ya zilonda. Zonsezi timazichita, ndipo zonse zimathera m'dothi, m'madzi apansi kapena m'thupi la chiweto. Vuto lenileni ndi loti kugombe kulibe malo olandirira zinthu zotere, ndipo kuuza munthu kuti asataye osamusonyeza kokasiya n'kumusiya panjira. Chotheka n'kusunga oyiloyo m'zigubu zomwe munabwera watsopano, osamusakaniza ndi dizilo, petulo kapena madzi, n'kupita naye kugalaja yaikulu ya m'tauni imene imasonkhanitsa wake m'migolo, ndi kufunsa kumene migoloyo imapita.

Mkuluyo anawakaniza onse atatu, ndipo mmodzi sanamulankhule mpaka mwezi unatha. Injini inatulutsidwa m'boti ndi anthu anayi, zipangizo zake zinayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo nyengo yonse ya alendo inadutsa boti lili pa nangula. Pa galimoto imene inanyamula injiniyo kupita kwa makaniko panakweranso mnyamata uja, chigubu pakati pa miyendo, ndowa ya fyuluta pamiyendo, ndipo ndalama yoyendera analipira yekha.